Makina a apolisi akapanda kumugwira, kodi dalaivala wosuta chamba ali bwinobwino?

Funso

Ndine bambo wa ku Machinjiri, ndili ndi minibasi imodzi yoyenda pakati pa Limbe ndi Blantyre, masiku ena mpaka ku Lunzu. Amene amayendetsa ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 27. Mowa salawa n'komwe. Koma kondakitala wanditsina khutu kuti m'mawa uliwonse asanalize galimoto amayamba wasuta chamba, masana n'kubwerezanso. Nditamufunsa sanakane. Akuti chimamuchotsa tulo ndi kumukhazika mtima pansi, apolisi akamupumitsa m'makina awo sapeza kanthu, komanso boma linaloleza kale chamba. Chiyambireni ntchito sanachitepo ngozi. Kodi ndikuda nkhawa ndi zachabe? Kapena ndimuchotse ntchito mwana wa mlongo wanga?

Yankho

Nkhawa yanu si yachabe, bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa galimoto ikadali ndi magalasi ake onse. Pa zonse zimene mphwanu wakuuzani, choona chenicheni ndi chimodzi: makina aja sangamugwire. Koma chifukwa chake si chimene iye akuganiza.

Kachipangizo kamene apolisi apamsewu amapumitsiramo madalaivala kanapangidwira mowa basi. Mowa ukalowa m'magazi, wina umatuluka ndi mpweya kudzera m'mapapo, ndipo kuchuluka kwake mu mpweyawo kumayenderana ndi kuchuluka kwake m'magazi. Nzeru imeneyi ndi imene Robert Borkenstein wa ku America anapangira makina ake mu 1954, ndipo mpaka lero makina onse oyezera mowa amatsamira pomwepo. Chamba sichiyenda njira imeneyo. Mphamvu yake yoledzeretsa, imene akatswiri amaitcha THC, kachipangizo kaja sikaidziwa. Munthu angathe kubanda ndudu ziwiri kuseri kwa siteji, n'kupuma m'makina patangopita mphindi khumi, makina n'kuonetsa ziro. N'chimodzimodzi amene wamwa mapiritsi ogonetsa, kapena amene wachezera usiku wonse kumaliro. Makinawo ali ngati sikelo ya pabutchala: imakuuzani kulemera kwa nyama, koma ngati nyamayo yayamba kuvunda, sikelo ilibe mawu.

Tiyeni tione zimene zimachitika m'mutu mwa munthu akasuta. Utsi ukafika m'mapapo, THC imalowa m'magazi n'kufika ku ubongo m'mphindi zochepa. Kuledzera kwake kumafika pachimake mu ola loyamba, kenako kumayamba kutsika, koma luso loyendetsa galimoto limakhala lisanabwerere m'malo kwa maola atatu kapena anayi, ena kuposera apo. Amene amachidyera m'zakudya kapena kuchimwera mu tiyi chimachedwa kuwagwira ndipo chimawasunga nthawi yaitali kwambiri. Tsono werengerani nokha. Akasuta 5 koloko m'mawa, maulendo onse a anthu opita kuntchito ndi ana asukulu amawayendetsa chili m'mutu. Akabwereza masana, chimamuperekeza mpaka anthu akuweruka.

Chimene chimaonongeka si mphamvu ya manja. Wosuta chamba amagwira chiwongolero bwinobwino, amalankhula bwinobwino, sadzandira ngati wa kachasu, n'chifukwa chake anthu amamukhulupirira. Chimene chimaonongeka ndi kutha kuona zinthu zingapo nthawi imodzi, kuyeza mtunda ndi liwiro la galimoto ina, kukumbukira chimene waona masekondi angapo apitawo, ndi kufulumira kuchitapo kanthu chinthu chosayembekezereka chikatulukira. Akatswiri akamayesa anthu osuta pa galimoto zoyeserera komanso pamsewu weniweni, amapeza kuti galimoto imayamba kusewera mkati mwa mzere wake, kupita uku ndi uku pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira.

Ndiye ganizirani ntchito ya dalaivala wa minibasi mu Blantyre muno. Palibe ntchito ina yapamsewu imene imafuna maso ambiri chotere. Diso limodzi lili kutsogolo, lina likusaka munthu woimika m'mbali mwa msewu. Khutu likudikira kondakitala agogode. Minibasi inzake ikufuna kumupitirira kuti ikayambe kutola anthu pa Ginnery Corner. Pa Chichiri wakabaza walowa kumanzere osayang'ana, pa Kameza mayi wasenza dengu akuwoloka, ku Lunzu tsiku la msika anthu, njinga ndi mbuzi zonse zili pa tala. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Phazi likachedwa ndi theka la sekondi kufika pa buleki, galimoto yapita kale mamita 8, kuposa kutalika kwa minibasi yanu. Mwana amene akanangodzidzimuka n'kuthawa amakhala ali pansi pa bampala.

Ndisakunamizeni kuti chamba ndi mowa n'zofanana pa ngozi, chifukwa mphwanu akadzamva zoona kwina adzasiya kukhulupirira zonse zimene mwamuuza. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akamuphatikiza, amasonyeza kuti chamba chimakweza chiopsezo cha ngozi pang'ono kufikira kuwirikiza kawiri. Mowa ndi woopsa kuposa pamenepo: pa mlingo wa magalamu 0.08 mu mamililita 100 a magazi chiopsezo chimayandikira kuwirikiza katatu, ndipo pa 0.15 chimapitirira kakhumi. N'zoonanso kuti osuta chamba ambiri amazindikira kuti mutu suli bwino, ndiye amachepetsa liwiro ndi kusiya mpata waukulu kutsogolo, pamene woledzera mowa amadziona ngati katswiri n'kuponda moto. Koma chitetezo chimenechi chimagwira kwa munthu amene akuyenda yekha pa msewu wopanda anthu, wopanda chomuthamangitsa. Dalaivala wa minibasi amene akusaka ndalama ya bwana, ya mafuta ndi yake sangayende pang'onopang'ono tsiku lonse. Ntchito yake imamulanda chinthu chokhacho chimene chikanamuteteza. Ndipo tsiku limene adzalawe ngakhale botolo limodzi la mowa pamwamba pa chamba, ziwirizo zimathandizana moti mlingo wa mowa umene makina angaulole umasanduka woopsa.

Zoti sanachitepo ngozi zisakugonetseni tulo. Ngozi yaikulu ndi chinthu chosowa pa ulendo umodzi, kaya munthu wasuta kaya sanasute, choncho munthu angathe kuyenda zaka akusuta osagunda kanthu. Koma minibasi imayenda maulendo ambirimbiri pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri pa sabata, itadzaza anthu. Chiopsezo chaching'ono chikachulukitsidwa ndi maulendo onsewo sichikhalanso chaching'ono. Komanso mufunse makaniko wanu. Magalasi am'mbali osweka, zokalika m'nthiti mwa galimoto, mabuleki otha msanga, matayala odyeka m'mbali chifukwa chogunda m'mphepete mwa msewu, zonsezi zimalankhula ngozi yaikulu isanafike. Ndipo kondakitala sakanabwera kwa inu pachabe. Kuneneza dalaivala amene umadya naye m'mbale imodzi, yemwenso ndi m'bale wa bwana, si chinthu chapafupi. Mwina pali chimene anaona ataimirira pakhomo paja.

Mawu akuti chimamuchotsa tulo ndi kumukhazika mtima pansi ndi amene andikhudza kwambiri, chifukwa muli zinthu ziwiri zobisika. Choyamba, chamba si mankhwala ochotsa tulo. Chikamatsika chimasiya thupi lolefuka ndi maso olemera. Munthu wosuta tsiku ndi tsiku akadzuka m'mawa, thupi limakhala litayamba kale kuchifuna: amakhala wokwiyakwiya, wosakhazikika, wopanda chilakolako cha chakudya. Akasuta zonsezo zimatha, iye n'kumati chamba chamuthandiza, pamene changozimitsa chibaba chimene chinayatsa chokha. Mwa anthu khumi amene amayamba kusuta, pafupifupi mmodzi amafika poti sangathe kukhala osasuta, ndipo mwa osuta tsiku lililonse chiwerengerocho n'chokwera kwambiri. Mnyamata amene sangalize galimoto asanasute ali kale m'gulu limeneli kapena ali pakhomo pake.

Chachiwiri chikukhudza inu, ndipo mundikhululukire polankhula mosabisa. Munthu amene akufunafuna chomuchotsa tulo ndiye kuti ali ndi tulo. Madalaivala ambiri a minibasi mumzinda muno amadzuka kusanache, n'kukaimika galimoto usiku anthu atatha m'misewu. Akatswiri a ku Australia anasonyeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 m'magazi, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10, amene wapitirira kale mlingo wa 0.08 wa lamulo lathu. Amene anadzuka 4 koloko m'mawa, ikamakwana 9 koloko usiku ali pa maola 17. Tageti imene eni minibasi amaika, ndalama yoti ibwere madzulo kaya kunagwa mvula kaya mafuta anasowa pa filing'i siteshoni, ndi imene imapanga maola amenewa. Chamba, zakumwa zopatsa mphamvu, mapiritsi, zonsezi zimalowa ngati zida zogwirira ntchito imene thupi la munthu silingaikwanitse. Mukachotsa chamba n'kusiya maola omwewo, mudzangosintha dzina la chimene akumwa.

Ndipo zolowa m'malo zilipo zambiri, zina zoopsa kuposa chambacho. Mankhwala a chifuwa amadzi okhala ndi codeine, amene achinyamata ena amasakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, amagonetsa ndi kuchedwetsa maganizo. Tramadol, amene ena amamwa kuti asamve kutopa, angathe kugwetsa munthu khunyu mwadzidzidzi, ndipo khunyu pa chiwongolero silipereka chenjezo. Diazepam amakhalitsa m'thupi mpaka tsiku lotsatira. Ngakhale Piriton yemweyu, amene timagula pa golosale tikagwidwa chimfine, amabweretsa tulo tokwanira kugwetsa galimoto m'ngalande. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi limene limayang'anira kagulitsidwe ka mankhwala, ndipo mankhwala monga tramadol ndi diazepam sayenera kugulitsidwa popanda chikalata cha dokotala. Dalaivala aliyense akalandira mankhwala kuchipatala azinena ntchito imene amagwira, afunse ngati angayendetse atamwa.

Pa za mowa, mwati salawa, ndipo ndikukhulupirira. Ndingonena mwachidule chifukwa eni galimoto ena akuwerenga. Chiwindi chimachotsa mowa pa liwiro lake, pafupifupi 0.015 pa ola, ndipo palibe khofi, kusamba madzi ozizira kapena msuzi wa mang'ina umene ungachifulumizitse. Amene wachoka ku Kamba 1 koloko usiku ali pa 0.15, ikamakwana 5 koloko m'mawa amakhala ali pa 0.09. Iye amati ndi matsire, koma akadali woledzera.

Tsopano za lamulo. Ine ndine wa zachipatala, osati loya, koma mfundo zake n'zosavuta. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act mu February 2020. Lamulolo linatsegula njira yolima, kukonza ndi kugulitsa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kwa okhawo amene atenga chiphaso ku Cannabis Regulatory Authority. Silinaloleze kusuta. Kupezeka ndi chamba popanda chilolezo ukadali mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act, ndipo makhoti akupitiriza kumanga anthu pa mlandu umenewu. Ngakhale chikanaloledwa, sizikanasintha kanthu pamsewu. Mowa ndi wololedwa, koma kuyendetsa utaledzera n'koletsedwa. Ku Canada analoleza kusuta chamba mu 2018, ndipo chaka chomwecho anakhwimitsa malamulo a oyendetsa galimoto atasuta. Ku South Africa khoti lalikulu linalola mu 2018 kuti munthu wamkulu asute kwake mseri, koma kuyendetsa chili m'mutu ukadali mlandu.

Lamulo lathu la pamsewu, Road Traffic Act ya 1997, sililetsa mowa wokha. Limaletsa kuyendetsa galimoto munthu atasokonezeka ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Choncho makina kuonetsa ziro sikumasula munthu. Akagunda munthu n'kufa, mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala sufuna kuti makina alire. Ndipo mlanduwo suthera pa dalaivala. Ovulala ndi achibale a omwalira akamasumira kuti alandire chipukuta misozi, amatchula dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshulansi. Inshulansi ili ndi malire a ndalama zimene ingalipire, zotsalazo zimagwera mwini galimoto, ndipo mapepala ambiri a inshulansi amakana kukonza galimoto imene yawonongeka dalaivala ali woledzera. Tulutsani pepala lanu muwerenge timalemba tating'ono tija. Kumbukiraninso kuti kuyambira tsiku limene kondakitala anakuuzani, simungadzanenenso kuti simunkadziwa.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani boma silingogula makina oyezera chamba nkhani n'kutha. Vutoli lavutitsa mayiko olemera omwe. Mowa umasungunuka m'madzi a m'thupi, ndiye mlingo wake m'magazi umauza bwino za kuledzera kwa munthu. THC imathawira m'mafuta a m'thupi ndi mu ubongo. Imakwera kwambiri m'magazi munthu akamasuta, n'kutsika msangamsanga mu ola limodzi kapena awiri, pamene ubongo ukadali wosokonezeka. Wapolisi akamafika naye kuchipatala kuti akamutenge magazi, nambala yatsika kale. Mbali inayi, wosuta tsiku ndi tsiku amakhala ndi THC yochepa m'magazi ngakhale patapita masiku asanasute, ndipo zotsalira zake zimapezeka mu mkodzo kwa masabata. Kuyeza mkodzo kumangouza kuti munthuyu ndi wosuta, osati kuti lero wasuta. Mayiko angosankha njira zawo. Chigawo cha Victoria ku Australia chinayamba kuyeza malovu a madalaivala pamsewu mu 2004. England ndi Wales anaika mu 2015 mlingo wotsika kwambiri wa THC m'magazi, woti aliyense wopitirira pamenepo ndi wolakwa, kaya akuoneka woledzera kaya ayi. Germany inaika mlingo wake watsopano mu 2024 italoleza chamba. Palibe mlingo umene akatswiri onse amagwirizana kuti ndiwo malire enieni a kuledzera.

Kwa ife kuno, maganizo anga ndi akuti tisayambire pa zida zodula. Kachipangizo koyezera malovu kamagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndipo pambuyo pake pamafunikabe labotale yotsimikizira. Pali zotsika mtengo zimene sitinazichite. Mlingo wathu wa mowa wa 0.08 ndi wokwera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza 0.05 kapena kutsikirapo kwa madalaivala onse, ndi 0.02 kwa achinyamata ndi ongoyamba kumene. Anzathu a ku South Africa ali pa 0.05, ndipo oyendetsa galimoto zonyamula anthu ndi katundu ali pa 0.02. N'zosamveka kuti munthu wonyamula miyoyo yodzaza minibasi aziloledwa mowa wofanana ndi amene akuyenda yekha m'kagalimoto kake. Wapolisi angaphunzitsidwe kuona maso ofiira, kachedwedwe koyankha, kulephera kuyenda pa mzere wowongoka kapena kuima ndi mwendo umodzi, n'kulemba zimene waona m'njira yoti khoti livomereze. Ndipo dalaivala aliyense amene wachita ngozi yopha munthu azitengedwa magazi msanga, kuti dziko lidziwe chimene chikupha anthu ake, osati kumangolemba kuti anathamanga kwambiri. Nthambi ya Road Traffic, imene imapereka ziphaso za oyendetsa galimoto zonyamula anthu, ili ndi mphamvu yoti ikanayamba kufunsanso za maola amene madalaivala amagwira ntchito.

Tinaona kale kuti kuletsa chinthu pakokha sikukwanira. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti, mowa womwewo unabwerera m'timabotolo totsika mtengo, timidoli tija, timene timalowa m'thumba la jekete mosavuta ngati masacheti aja. Ndondomeko ya dziko yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017, koma pa masiteji ambiri mowa waukali ukugulitsidwabe pafupi ndi pamene minibasi ndi njinga zamoto zimaima.

Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, n'kusindikizidwa mu 2020, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu anayi alionse ovulala pa ngozi zapamsewu anali atamwa mowa, ndipo gulu limene linali pamwamba linali la oyenda pansi. Izi zili ndi tanthauzo kwa mphwanu. Ngakhale iye atakhala wosamala chotani, msewu umene amayendamo madzulo uli ndi anthu oledzera owoloka mosayang'ana, akabaza opanda magetsi, ndi galimoto zakufa zoikidwa masamba kumbuyo. Dalaivala wamaso ndi amene amapulumutsa anthu amenewa. Padziko lonse ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka malinga ndi WHO, ndipo ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Koma amene tagwirapo ntchito m'mawodi a ovulala timadziwa kuti chiwerengero cha akufa sichinena zonse. Bambo wothyoka fupa la ntchafu amagona masabata ambiri, mkazi wake n'kusiya geni kuti adzamudikirire, ana n'kusowa fizi, lendi n'kuunjikana. Wovulala mutu angathe kutuluka ali moyo koma osadzagwiranso ntchito. Ndalama zimenezi palibe amene amaziwerengera pa tageti ya minibasi.

Tsono muchite chiyani? Sindikukuuzani kuti mumuthamangitse lero. Mukamuchotsa popanda china, mawa adzapeza minibasi ya munthu wina amene sadziwa kanthu, kapena adzabwereka njinga yamoto n'kuyamba kabaza, ndipo ngoziyo mwangoisamutsira kwa ena. Koma sindikukuuzaninso kuti mudikire. Makiyi ndi anu, ndipo pa nkhani imeneyi muli ndi mphamvu kuposa wapolisi aliyense wa pa rodibuloko. Mumutsitse pa chiwongolero kwa masabata angapo, muike dalaivala wina wa chiphaso chokwanira, iye mumupatse ntchito ina, kaya kuyang'anira galimoto ku galaja kaya kutolera ndalama, kuti asakhale manja lende ndiponso asaone ngati mwamutaya.

Masabata amenewo ndi ofunika chifukwa kusiya chamba kuli ndi masiku ake owawa. Patapita tsiku limodzi kapena awiri munthu amayamba kusowa tulo, kulota maloto oopsa, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, kutuluka thukuta ndi kukana nsima. Zimafika poipa m'sabata yoyamba, n'kuyamba kuchepa pakatha masabata awiri, ngakhale tulo timachedwerapo kubwerera. Sizipha, koma munthu amene sanagone ndiponso ali ndi mkwiyo wotere si woyenera kumuika pa mpikisano wa pa Chipembere Highway. Ambiri amabwerera ku chamba m'masiku amenewa chifukwa palibe anawachenjeza kuti zidzatha. Dziwaninso kuti ngati mutapeza kuti amamwanso diazepam kapena mowa wambiri tsiku lililonse mobisa, zimenezo asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa zingamugwetse khunyu. Apite kuchipatala amutsitse pang'onopang'ono.

Thandizo lilipo. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu kapena ku Gulupu, kumene kuli madokotala ndi anamwino a matenda a maganizo. Chipatala cha Zomba Mental chili pafupi, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ali ndi ndondomeko yothandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Anyamata ambiri amakana akamva dzina la Zomba, amati mukundiyesa wamisala. Muuzeni kuti akupita kukaonana ndi munthu wodziwa za tulo ndi chibaba, zimene n'zoona. Akakhala ndi zizindikiro zina, monga kukayikira anthu kuti akumupangira chiwembu, kumva mawu amene ena sakumva, kapena kulankhula zosagwirizana, pamenepo musazengereze ngakhale tsiku limodzi, chifukwa chamba chimatha kuutsa matenda a maganizo mwa achinyamata ena.

Polankhula naye, musamuitanire pa bwalo la abale onse ngati mlandu. Inu ndinu malume ake, mawu anu ndi olemera kale. Khalani naye awiri, nthawi imene sanasute, mumufunse kuti amagona maola angati, amadya nthawi yanji, ndipo tageti amaikwanitsa bwanji masiku ovuta. Mlongo wanu mumuuze zoona zake musanachite kanthu, kuti asadzamve kwa ena kuti mwalanda mwana wake ntchito. Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiwola, ndipo kukwiya kwa mwezi umodzi banja limakupirira. Kondakitala uja musamutchule dzina, ndipo mumutsimikizire kuti ntchito yake ili pomwepo, chifukwa ndiye maso anu mu galimoto imene inu simukweramo.

Akadzabwerera pa chiwongolero, pakhale pangano lomveka, lolembedwa ngati n'kotheka. Asasute tsiku la ntchito ngakhale usiku woti mawa ayendetsa. Makiyi azidzatenga kwa inu m'mawa, mumuone m'maso ndi kulankhula naye, osati galimoto kugona kwa iye. Mbali yanu ya panganolo ndi yovutirapo: maola ochepera, tsiku limodzi lopuma pa sabata, ndi tageti imene munthu wosasuta, wogona mokwanira, woyenda liwiro la lamulo angaikwanitse. Mwina ndalama ya madzulo idzatsika. Iwerengereni pamodzi ndi mtengo wa minibasi ina ndi wa mlandu wa anthu ovulala. Akaswa panganolo, pamenepo muchotseni pa galimoto osabwereranso, ndipo mwini minibasi wina akadzakufunsani za iye, musabise.

Pali chinthu chinanso chimene eni minibasi ambiri sachidziwa mpaka tsiku la ngozi. Dalaivala akatopa kapena akapita kukadya masana, kawirikawiri amasiyira galimoto mnyamata waganyu wa pa siteji kuti amenyeko maulendo awiri. Ena mwa anyamata amenewa alibe chiphaso, ena amakhala atayamba kumwa m'mawa, ndipo inshulansi yanu siwadziwa. Mufunse kondakitala kuti masana minibasi yanu imakhala m'manja mwa ndani, ndipo tsiku lina mukaime nokha pa Limbe kapena pa Mibawa nthawi ya nkhomaliro osanena kuti mukubwera.